Amayi Aang'ono Anapita ku Mpatuko

Ndili sitandade 3 ndinkaganiza kuti Mpatuko ndi dzina la malo, ngati Mponela kapena Mpatamanga. Anandisokoneza ndi agogo. Tsiku lina Lamulungu masana, titaweruka ku tchalitchi, iwo anali pakhonde akutongola chimanga m'lichero, ndipo mayi wina wa kutsidya kwa dambo anaima pabwalo n'kufunsa kuti, "Nanga mwana wanu wachiwiri uja, bwanji masiku ano sitikumuona m'kwaya?" Agogo sanadzutse mutu. Anangoti, "Ameneyo musandifunse. Anapita ku mpatuko."

Ine ndinadabwa, chifukwa amayi aang'onowo ndinali nditawaona m'mawa womwewo akusesa pakhomo pawo, nyumba yachitatu kuchokera pa ya agogo. Ndinafunsa kuti akwera basi yanji, ndipo abwerako liti. Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Agogo sanaseke. Anandigenda ndi chitsononkho n'kundithamangitsira kuchitsime.

Kumpatukoko kunali kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi mkuyu waukulu, kumene anthu osakwana makumi atatu ankapemphera m'chisakasa cha udzu. Ankavala zoyera, nsapato ankazisiya panja, ndipo ng'oma yawo inkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuchigayo kunali kutali kuposa kumeneko. Koma mmene agogo ankatchulira mawuwo, milomo ataikweza ngati alawa ndiwo zosasa, munthu ukanati mwana wawo ali kutali kuposa Joni.

Papita zaka zoposa makumi atatu, agogo anatisiya, mkuyu uja unagwa ndi mphepo, koma mawu aja ndimawamvabe m'mawu a agogo nthawi iliyonse wina akawatchula. Ndipo timawatchula kwambiri. Pa wailesi, pa maliro, m'basi mlaliki akaimirira, pa Facebook mpingo wina ukang'ambika pakati. "Awo ndi ampatuko." Tikatero nkhani yatha, palibenso wofunsa kuti anthuwo amakhulupirira chiyani.

Tsinde la mawuwa n'lodziwika, timalitchula tsiku ndi tsiku osaliganizira. Kupatuka ndi kusiya njira imene umayendamo n'kulowera ina. Wolozera mlendo njira amati, "Mukafika pa chigayo mupatukire kumanzere." Wakabaza akaliza belu kumbuyo kwako, umapatuka kuti adutse. Ndiye pali kupatuka kokoma kuja, kwa munthu wodutsa mumsewu amene umamuitana uli pakhonde kuti, "Tapatukani, mumweko madzi." Kwathu amene amanenedwa ndi uja wodutsa pakhomo pa mbale wake osapatuka. M'mawuwa mulibe choipa chilichonse. Ululu umalowa tikangoika m kutsogolo ndi o kumapeto, n'kuwanyamula kupita nawo ku tchalitchi.

Chichewa chathu chili ndi aneni ena amene amayenda awiriawiri ngati ng'ombe zapangolo: kutsegula ndi kutseguka, kumasula ndi kumasuka, kugumula ndi kugumuka, kudula ndi kuduka. Wothera ndi -ula amafuna mwini ntchito. Ukati wadula, funso limabwera lokha: wadula ndani? Wothera ndi -uka amamubisa mwini ntchitoyo, chinthu chimangooneka ngati chadzichitikira. Mwana aliyense amadziwa zimenezi asanaone khomo la sukulu. Akadula lamba wa patapata ya amake pothamangitsa nkhuku, sabwera kudzanena kuti ndadula. Amati, "Amayi, patapata yaduka."

Mnzake wa kupatuka ndi kupatula. Kupatula ndi kuchotsa chinthu pakati pa zinzake n'kuchiika padera. Agogo ankapatula zisononkho zonenepa za mbewu n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziziteteza ku anankafumbwe. Bambo ankapatula ndalama ya fizi akangogulitsa fodya. Chopatulidwa sichikhudzidwa wamba. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira mtima, ndili kale ku koleji, tsiku lina nditangoyang'ana chikuto cha Baibulo langa ngati ndikuliona koyamba: Buku Lopatulika. Malo opatulika. Misonkhano yopatulika. Mawu amene timalemekezera zinthu za Mulungu ndi mawu amene agogo ankanyozera mwana wawo anaphuka pa chitsa chimodzi. Woyera waikidwa padera, wampatuko nayenso ali padera. Kusiyana kwake kuli pa zilembo ziwiri zokha, ndiponso pa funso lija la patapata: ndani wachita?

Baibulo la agogo linali lomwelo, lachikuto chakuda, masamba a Masalimo atada ndi zala, ndipo ankalisunga m'kathumba ka pulasitiki ka shuga kuopa chiswe. Linatuluka lathunthu koyamba mu 1922, pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi amishoni a ku Blantyre komanso Amalawi amene ankakhala nawo pa tebulo kusankha mawu. Omasulirawo atafika pa mawu a Chigiriki akuti hairesis, anasankha mpatuko.

Mawu a Chigirikiwo poyamba analibe mwano. Ankatanthauza kusankha, kenako gulu la anthu amene asankha kutsata chiphunzitso chakutichakuti, ngati ophunzira otsatira mphunzitsi wina wa nzeru. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa nthawi ya atumwi, ankatchula Afarisi, Asaduki ndi Aesene ndi mawu omwewa osanyoza aliyense. N'chifukwa chake m'buku la Machitidwe mumapezeka mpatuko wa Asaduki, chikhalirecho Asadukiwo ndiwo anali eni kachisi, mkulu wa ansembe ali mbali yawo. Anapatuka pa msewu wa yani? Pamenepa Chichewa chinawaveka malaya a eni. Kwa Afarisi kokha malayawo anawakwana mwangozi, pakuti odziwa Chiheberi ambiri amati dzina loti Mfarisi limachokera ku tsinde lotanthauza kulekanitsa, kuika padera. Iwo eni mwina ankadzimva opatulika, adani awo n'kumawaona opatuka.

Chaputala chimene ndimachikonda ndi cha 24. Paulo ali pamlandu ku Kaisareya pamaso pa bwanamkubwa Felike, ndipo omuimba mlandu abwera ndi katswiri wolankhula dzina lake Tertulo. Mwa milandu imene akumuneneza, umodzi ndi wakuti ndi mtsogoleri wa mpatuko wa Anazarene. Anazarenewo ndi ife, Akhristu, agogo anga ali momwemo. Poyankha, Paulo sakukana kuti ali m'gulumo. Akungokana dzinalo. Akuti iye amatumikira Mulungu wa makolo ake monga mwa Njira, imene iwowo akuitcha mpatuko. M'Chichewa mkanganowu umamveka bwino kuposa m'Chigiriki momwe, chifukwa mawu onse awiri ndi a paulendo. Wina akuti iwe wapatuka. Mnzake akuti ayi, njira ndi inoyi, mwasochera ndinu. Mikangano yonse ya mipingo imene ndaionapo, ukaisenda makoko, mkati mwake mumapezeka mawu awiri amenewa.

Anazarene aja atachuluka, anatola mwala womwe ankagendedwa nawo. Cha m'ma 180, bishopu Irenaeus wa ku Lyon analemba mabuku asanu otsutsa magulu amene ankawaona kuti apotoza chikhulupiriro, ndipo pofika nthawiyo hairesis sanalinso mawu ofatsa. Mu 380 mfumu Theodosius inalamula kuti chikhulupiriro chovomerezeka mu ufumu wa Roma ndi chimodzi, otsalawo ndi ampatuko oyenera chilango. Sipanapite zaka zambiri, bishopu wina wa ku Spain, Priscillian, anadulidwa mutu mumzinda wa Trier, mlandu wake utaweruzidwa ndi boma la Akhristu anzake. Jan Hus anatenthedwa ku Constance mu 1415. Mndandandawo ndi wautali ndipo sindikufuna kuuwerenga wonse. Chimene ndikuona ine n'chakuti mawuwa amaluma pang'ono akakhala pakamwa pa agogo pakhonde, koma akalowa pakamwa pa boma amapha.

Chimene chinandiseketsa ndekha nditachiwerenga ndi nkhani ya ku Scotland. Pa 18 May 1843, mumzinda wa Edinburgh, abusa ambirimbiri anaimirira pakati pa msonkhano waukulu wa Church of Scotland n'kutuluka. Onse amene anachoka anaposa 450, mtsogoleri wawo ali Thomas Chalmers. Chinawatulutsa ndi mwambo woti mwini malo wolemera ndiye azisankhira anthu mbusa, afune asafune, makhoti a boma n'kumamuikira kumbuyo. Anasiya nyumba za abusa, malipiro ndi matchalitchi, ena n'kumapempherera m'nkhokwe ndi pamtetete kufikira atamanga awo. Anayambitsa Free Church of Scotland. Mpingo umenewu ndi umene unatumiza gulu limene munali Robert Laws, ndi sitima ya Ilala, kudzatsegula mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, imene inasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Mpingo umene anautuluka uja ndi umene unatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876. Opatuka ndi otsala anadzapezananso kuno kwathu, ndipo mu 1924 ana awo anagwirizana kupanga CCAP, a ku Nkhoma n'kulowamo mu 1926. David Livingstone mwiniwake, amene dzina lake lili pa mishoniyo, anakulira mu mpingo woima paokha umene bambo ake analowa atachoka mu Church of Scotland. Tikabwerera m'mbuyo pang'ono, onsewo ndi zidzukulu za anthu amene Aroma ankawatcha ampatuko kuyambira pamene Martin Luther anachotsedwa mu mpingo mu 1521.

Mnzanga wina wa Chikatolika amene tinkagona chipinda chimodzi ku sekondale anandiuza mosabisa kuti kwawo agogo ake ankatitcha ifeyo ampatuko. Ndinakwiya sabata yathunthu. Ife, a tchalitchi cha njerwa zootcha, cha belu lachitsulo ndi mabenchi? Ndinali ndisanaganizepo kuti chala chimene agogo ankalozera kumkuyu, wina ankachilozera pakhonde pathu.

Mishoni ya Livingstonia, mwana wa mpatuko uja, nayo inabala ake. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira pa mishoni pomwepo, anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa n'kubwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Nkhata Bay. Anthu amakonda kufotokoza zimenezi ngati misala imene inagwira dera lonse, koma taganizani za munthu amene wakhala m'kalasi zaka ndi zaka akudikira ubatizo, akulephera mayeso a katekisimu, kenako n'kumva kuti kunyanja kuli munthu amene akubatiza lero lomwe, kwaulere. Boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909, ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937. Charles Domingo anamaliza maphunziro a ubusa, n'kudikira kudzozedwa mpaka kutopa, nachoka. Yesaya Zerenji Mwasi anali mmodzi mwa Amalawi atatu oyamba kudzozedwa ubusa ku Livingstonia mu 1914, koma mu 1933 anatuluka, ndipo analemba zifukwa zake momveka: ankafuna mpingo umene munthu wakuda angauyendetse yekha, osati kukhala mwana wa mzungu mpaka imvi. Patapita zaka ziwiri anagwirizana ndi Charles Chinula ndi Yaphet Mkandawire kupanga Mpingo wa Afipa. Dandaulo lawo silinasiyane kwenikweni ndi la anthu a Chalmers: ndani ali ndi mphamvu yotisankhira mbusa? Koma a ku Edinburgh aja m'mabuku a mishoni ndi ngwazi za chikhulupiriro, pomwe awa anali ampatuko.

Za John Chilembwe ndi mpingo wake wa PIM ku Mbombwe sindinena zambiri, aliyense anaphunzira ku pulayimale. Ndingokumbutsa kuti munthu amene nkhope yake timayenda nayo m'thumba pa ndalama, amene timamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse, tchalitchi chake atsamunda anachiphwasula ndi mabomba mu 1915, ndipo pambuyo pake mipingo yonse yoyendetsedwa ndi anthu akuda inkayang'anidwa ndi diso lofiira.

Chinthu china chimene ndaona n'chakuti palibe gulu limene limadzitcha lokha mpatuko. Dzinali umachita kupatsidwa, ngati dzina lachipongwe la kusukulu. Ku Russia, m'zaka za m'ma 1650, mkulu wa mpingo Nikon anasintha miyambo ina, kuphatikizapo kuti chizindikiro cha mtanda chizichitidwa ndi zala zitatu m'malo mwa ziwiri. Amene anakana anatchedwa raskolniki, kutanthauza ong'amba mpingo. Koma iwo ankati ndi osunga chikhulupiriro chakale, ndipo kunena zoona amene anasintha zinthu anali Nikon, iwo anangoima pomwe anaima makolo awo. Msewu ndi umene unakhota, dzina la kupatuka n'kugwera amene anapitirira molunjika. Kuno kwathu dzina loti Achitawala, lochokera ku Watch Tower, nalonso linali loperekedwa ndi anthu apambali.

A Mboni za Yehova ndiwo anaona polekera mawuwa boma likawatola. Ankakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party ponena kuti salowerera ndale. Mu October 1967 boma linawaletsa. Nyumba zawo zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, ndipo ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka, kumene lero kuli msasa wa othawa kwawo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ochita nkhanzazo sanali ochokera kumwezi. Anali anyamata a m'midzi momwemo, ambiri mwa iwo obatizidwa, ndipo sindikukayika kuti dzanja linkapepuka pomenya munthu amene kuyambira ali ana ankamva kuti ndi wampatuko. Ku Zambia, Alice Lenshina wa ku Chinsali, amene anachoka ku mishoni ya Lubwa n'kuyambitsa mpingo wa Lumpa, anthu ake anaphedwa mazanamazana pomenyana ndi asilikali mu 1964, miyezi yochepa dzikolo lisanalandire ufulu.

Ndiye tamverani izi. Mukatsegula mabuku a Chichewa a Mboni za Yehova lero, mupeza mawu akuti ampatuko. Amanena anthu amene anali a Mboni n'kuchoka, nayamba kutsutsa gululo, ndipo okhulupirika amachenjezedwa kuti asamacheze nawo. Sindikunena izi mowatonza. Anazarene anachita zomwezo, a Luther anachita zomwezo, a Free Church anachita zomwezo. Ngakhale kumkuyu kuja, ndinamva kuti patapita zaka mkulu wina anakangana ndi mtsogoleri wawo pa nkhani ya tsiku la Sabata, natenga mabanja asanu kukamanga chisakasa chake kuseri kwa phiri. Amayi aang'ono pondifotokozera anati, "Amenewo anapatuka." Anakweza milomo ndendende ngati agogo.

Pano wina atha kuganiza kuti ndikuti aliyense wotuluka mu mpingo ndi Paulo kapena Mwasi. Ayi ndithu. Ine ndikadali wa tchalitchi cha njerwa, ndimapereka chakhumi, ndipo ndimakhala mu Lilongwe momwe Lamulungu pa sukulu imodzi ya pulayimale mumapeza mipingo itatu m'makalasi oyandikana, uliwonse ndi chimkuzamawu chake, kulimbana ngati atambala. Ndikudziwa kuti ina mwa iyo inabadwa chifukwa msungichuma ndi mbusa anasemphana pa mbale ya chopereka, chiphunzitso n'kuchita kufunafuna pambuyo. Ndaonapo mneneri akugulitsa madzi a m'botolo kwa mayi amene mwana wake amafunika chipatala. Ndimakumbukira mliri wa chikuku wa 2010, pamene makolo a mipingo ina ankabisa ana kuthawa katemera. Zimenezi zimandipsetsa mtima, ndipo sindiona chifukwa chozinenera mokometsera. Koma pa zonsezi Chichewa chili ndi mawu ake olunjika. Wakuba ndi wakuba. Wabodza ndi wabodza. Wokaniza mwana mankhwala mpaka kufa ali ndi mlandu wa imfa ya mwanayo, kaya amapemphera m'chisakasa kaya m'tchalitchi cha malata. Mawu akuti mpatuko satha kusiyanitsa mneneri wa madzi a m'botolo ndi Yesaya Mwasi. Amawaika m'thumba limodzi, chifukwa chimene amayeza si khalidwe la munthu, koma mtunda umene waima kuchokera pamene ndaima ine wolankhulane.

Ndipo amabisa wochita. Izi ndinazimvetsa bwino tsiku limene amalume anandiuza nkhani yonse ya mlongo wawo. Tinali titapita kukamanga chiliza cha agogo, ndipo madzulo ake, amisiri atapita, tinakhala awiri pa mulu wa njerwa zotsala, iwo akupichira fodya wawo m'kapepala ka nyuzi.

"Mphwanga," anatero, "iwe umadziwa kuti mayi ako aang'ono anapita kumkuyu. Koma unafunsapo kuti anachoka kuti?"

Mwamuna wawo woyamba, wa ukwati wa mu tchalitchi, anapita ku migodi ya ku Joni. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi ndalama. Chachiwiri kalata yokha. Kenako zii. Amayi aang'ono anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, akulima okha, akuimba m'kwaya, anthu akuwatcha mkazi wa mtchona. Atapezeka mwamuna wina wofuna kuwalowera, abale onse anavomera, ankhoswe anakumana, amalume omwewo ndiwo anali mwini mbumba. Koma ku tchalitchi ukwati woyamba unali ukadali m'buku. Akulu a mpingo anawaitanitsa ku bwalo lawo, ndipo Lamulungu lotsatira dzina lawo linawerengedwa pamaso pa anthu onse kuti adulidwa. M'kwaya anachotsedwa, ku mgonero analetsedwa. Amalume akuti ngakhale zinali choncho, amayi aang'ono sanasiye kupita. Chaka chathunthu ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pomwe pamakhala ana osokosa, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete pamodzi ndi osabatizidwa.

Kenako mwana wawo wakhanda, wa mwamuna wachiwiriyo, anamwalira ndi malungo asanakwanitse chaka. Uthenga unapita kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lathu. Yankho linabwera loti popeza make ndi wodulidwa ndipo mwanayo sanabatizidwe, mpingo sungabwere ndi mwambo wake, koma aliyense ali ndi ufulu wopita payekha ngati mnansi. Anabweradi ena, n'kukhala chete pa mphasa. Usiku utagwa pasiwa panalibe woyambitsa nyimbo. Amayi aang'ono, amene anaimbira maliro a mudzi wonse kwa zaka khumi ndi zisanu, anakhala pafupi ndi kamtembo ka mwana wawo m'nyumba ya zii. Cha m'ma 9 koloko kunamveka nyimbo kuchokera kumunsi. Anali anthu a kumkuyu, amayi asanu ndi atatu ndi abambo atatu, nyali ya koloboyi ili patsogolo. Palibe anawaitana. Anavula nsapato pakhomo, nalowa, nayimba mpaka tambala wachitatu.

"Sabata yotsatirayo," amalume anatero akuyatsa fodya uja, "anasoketsa diresi yoyera."

Ndinawafunsa ngati agogo ankadziwa zonsezi. Amalume anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa. Agogo anali m'nyumbamo usiku umenewo. Anamva chete uja, anamvanso nyimbo zija. Komabe kwa mayi wa kutsidya kwa dambo anati, anapita ku mpatuko. Sanati anamudula. Sanati tinamusiya yekha. Patapata inaduka.

Sindikuwaweruza agogo. Mpingo umenewo ndi umene unawaphunzitsa kuwerenga ali kale ndi ana awiri, ndi umene unaika amuna awo m'manda, ndipo yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi ankaisita ndi simbi ya makala Lachitatu madzulo ngati kuti mawa lake akukaonekera kwa mfumu. Kuvomera kuti mpingowo unalakwira mwana wawo kukanakhala kugumula khoma limene iwo eni anatsamira moyo wonse. Mawu aja anawathandiza kunyamula zinthu ziwiri zimene sizikanatheka kunyamulidwa pamodzi. Koma amene analipira ndi amayi aang'ono, amene kwa zaka zambiri sankaitanidwa kukaphika nawo pa zinkhoswe za ana a m'kwaya, ndipo ana awo kusukulu ankaimbidwa nyimbo yowanena kuti ndi a ng'oma.

Agogo atadwala matenda awo omaliza, ana ndi zidzukulu zawo ena tinali m'tauni, ena ku Joni komwe kuja. Amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala ndi supuni anali amayi aang'ono. Ine ndinapitako sabata imodzi mu August, mphepo ikuwomba fumbi. Agogo anali atauma ngati chikuni, koma mutu unali wakuthwabe, ndipo masana tinkawatulutsira pakhonde kuti aothere dzuwa.

Loweruka lina masana tinaona amayi anayi ovala zoyera ataima mumsewu, kutsogolo kwa mpanda. Anabwera kudzazonda mayi wa mnzawo, koma ankadziwa bwino za pakhomopo, ndiye sanayerekeze kulowa. Anangoima, wina atasenza kamtolo ka nkhuni, wina kabeseni ka ufa. Amayi aang'ono anadzuka msanga kuti akalandire zinthuzo kumsewu konko, monga ankachitira nthawi zonse.

Agogo anawagwira chitenje. "Iwe, anthu aja aima padzuwa chifukwa chiyani? Kodi pano ndi pa sitolo? Auze apatuke."

Analowa, navula nsapato pamasitepe ngakhale kuti panali pakhonde chabe, napereka moni mogwada. Mmodzi anapempha ngati angaimbeko nyimbo imodzi. Agogo sanavomere ndipo sanakane, anangotseka maso. Anaimba zitatu, motsitsa mawu, popanda ng'oma. Pa yachiwiri ndinaona chala cha agogo chikugunda pa mphasa.

Atapita, ndinawafunsa kuti, "Agogo, nanga mwaziona bwanji nyimbozo?"

Anatsegula diso limodzi. "Ampatukowa kuimba amatha," anatero. "Koma vesi lachitatu alidumpha. Tandipatsa madzi."